Dzanja M'chiuno mwa Mwamuna Wina

Kodi mukuganiza kuti ndani anajambula chithunzi chija? Ganizani mofatsa musanaloze munthu chala, chifukwa onse amene anachiona anafulumira kutchula wolakwa, ndipo onsewo anaphonya.

Chithunzicho chinafika pa foni ya Wamagetsi masana, iye ali pamwamba pa makwerero akumanga nyale m'sitolo ina. Nambala yake inali yachilendo. Pansi pake panali mawu ochepa chabe: "Taona zimene mkazi wako wam'tsogolo amaphunzira ku yunivesite."

Chinkaonetsa anthu awiri chakumbuyo, akuyenda m'kanjira ka kuseri kwa holo ya ku yunivesite. Mwamunayo anali wamtali, woongoka ngati mtengo wa magetsi, atavala jekete yakuda ya chipewa chophimba mutu wonse. Pambali pake panali mtsikana, dzanja lake litalowa pansi pa jeketeyo, m'chiuno mwenimweni.

Mtsikanayo sanafunikire kutembenuka. Kachingwe kofiira ka magalasi kamene kanali pakhosi pake anagula ndi Wamagetsi yemweyo. Anali bwenzi lake, amene anamuveka mphete mwezi wathawu. Anakumana tsiku limene mnyamatayu anapita kukakonza nyale za m'holo yomweyo, mtsikanayo n'kumugwirira makwerero uku akukankhira magalasi m'mwamba ndi phewa. Kuyambira pamenepo anamutcha Namagalasi, ndipo dzinalo linamera mizu.

Nyale ya m'sitolo ija sinamangidwe tsiku limenelo.

*

Anakumana pa kanyumba ka tiyi ka pafupi ndi geti la yunivesite. Wamagetsi sanapereke moni. Anangoika foni patebulo.

"Ndi ndani uyu?"

Namagalasi anayang'ana chithunzicho. "Wachitenga kuti?"

"Ndayamba ine kufunsa."

"Ndi wa m'kafukufuku wathu. Ukudziwa kuti timaphunzitsa okalamba kuyenda osagwa. Pansi pa jeketeyo pali lamba. Munthu akamayesa kuyenda popanda ndodo timamumanga lambayo m'chiuno, ife n'kugwira kumbuyo, kuti akadzandira tisamutaye. Dzanja langa lili pa lamba, osati pa thupi."

"Okalamba?" Wamagetsi anaseka kuseka kopanda mano. "Iwe, ndimagwira mawaya tsiku ndi tsiku koma maso sanapse. Nkhalamba yake iti yoongoka chonchi? Taona mapewawo! Taona mmene akuponyera mwendo!"

Apa Namagalasi analakwitsa. Atamva ntchito ya manja ake ikutamandidwa mosadziwa, kamwetulira kanamupulumuka.

"Ukuseka?"

"Ayi, sindikuseka iwe."

"Chabwino. Nditchulire dzina lake, mawa ndikamupatse moni gogo wakoyo."

"Sindingathe. Aliyense wolowa m'kafukufukuyu timamulonjeza kuti sitidzauza munthu kuti amabwera kuno, pokhapokha atanena yekha. Ndi lamulo loyamba limene pulofesa wathu anatiphunzitsa."

"Ngakhale ine?"

"Makamaka iwe."

Mawuwo atangotuluka anafuna kuwabweza, koma madzi akatayika saoleka. Nkhope ya Wamagetsi inada bii.

"Makamaka ine. Ndiye kuti ndi munthu amene ndimamudziwa." Anaimirira. "Sankha lero. Dzina, kapena mphete."

Namagalasi anayang'ana chala chake kwa kanthawi. Kenaka anavula mpheteyo pang'onopang'ono, n'kuiika pambali pa kapu ya tiyi amene anali atazizira kale.

"Undisungire," anatero. "Sindinakulakwire."

*

Kwawo kwa Wamagetsi, nkhani ya chibwenzichi inali itagawa nyumba kuyambira kale. Bambo ake, amene aliyense ankawatchabe Asajeni ngakhale anapuma ku polisi kalekale, sankafuna n'kumva komwe. Chaka chatha anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo chichokereni kuchipatala ankangokhala pampando wawo wa pawindo, ndodo ili pakati pa miyendo, akuweruza dziko. Tsiku limene Namagalasi anafika koyamba pakhomopo, atangoyamba kufotokoza ntchito yake, Asajeni anamudula mawu.

"Ndiye kuti ife tasanduka makoswe anu oyesera nzeru? Lero mutiyeza miyendo, mawa mukatitsekera kunyumba zosungira nkhalamba. Mwana wanga sakwatira munthu wondiyang'ana ngati phunziro."

Mayi ndiwo ankaoneka kuti ali mbali ya achinyamatawo. Ankamutcha Namagalasi "mwana wanga", kumuthirira tiyi, kumuperekeza mpaka pageti. "Usawamvere bambowa," ankatero, "ululu ndi umene ukuyankhula." Iwo eni ankaulawa ukaliwo tsiku ndi tsiku. Akati awagwire mkono amuna awo podzuka, Asajeni ankakankha dzanjalo. "Ndisiyeni, sindine khanda."

Madzulo a tsiku limene anabwezeredwa mphete, Wamagetsi anapeza mayi ake atakhala pabalaza akulukidwa tsitsi. Wowalukayo anali mwana wa mnzawo, mtsikana wa saluni amene anthu ankamutcha Zikhadabo chifukwa cha zala zake zosongoka, zopakidwa utoto watsopano sabata iliyonse. Zoti Zikhadabo ankamufuna Wamagetsi, ngakhale mphaka wa panyumbapo ankadziwa.

Foni ya chithunzi ija itangoikidwa patebulo, Zikhadabo ndiye anayamba kuitola.

"Mayo ine! Sukulu yake ndi imeneyi? Ndiye nanenso ndikalembetse! Achimwene, pepani. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Mayi anangosuzumira kamodzi, osafuna n'komwe magalasi awo owerengera. "Pepa mwananga. Ndinkamukonda mtsikanayu."

Asajeni anatambasula dzanja. Anaigwira foniyo patali ndi maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Wamagetsi anadikira mawu akuti "ndinakuuza", koma sanabwere.

"Wati ndani mwamunayu?"

"Akukana kumutchula, bambo."

"Unamupanikiza bwino?"

"Ndinamuuza kuti asankhe, dzina kapena mphete."

"Ndiye?"

Wamagetsi anatulutsa mphete m'thumba la malaya n'kuionetsa.

Asajeni anatsokomola. Anayang'ananso chithunzicho, akupendeketsa mutu. "Koma mapewa ali nawo, mnyamatayu," anatero pobweza foni.

*

Masiku otsatirawo mafoni ndiwo ankayankhula.

"Wadya?" analemba Namagalasi.

"Wakumbukira dzina?"

"Ndimakukonda."

"Limenelo si dzina."

Zikhadabo naye sanagone ulesi. M'mawa ankatumiza vesi, masana chithunzi cha keke amene waphika, madzulo funso: "Achimwene, soketi ya ku saluni ikutulutsa moto, simungadzaione?" Soketiyo inalibe vuto lililonse, koma Wamagetsi anapitako, makamaka kuti anthu amuone akupita. Zikhadabo anaonetsetsa kuti nkhaniyo yafika ku yunivesite dzuwa lisanalowe.

Namagalasi analira ku bafa la kuntchito, anasamba m'maso, n'kupukuta magalasi. Foni inali m'manja. Mawu awiri okha akanathetsa zonse. Anawalemba, anawayang'ana, n'kuwafufuta.

*

Lachinayi m'mawa holo inali yokonzeka monga mwa masiku onse: mipando yopanda mikono itandandalika kukhoma, chitsulo chogwirira chili pansi pa mawindo, mzere wachikasu utadutsa pakati pa simenti. Amayi ena okalamba ankaimirira ndi mwendo umodzi uku akusekana. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo mwamuna wa jekete yakuda analowa. Anatsamiritsa ndodo pakona, n'kuvula chipewa. Imvi zinaonekera.

Anali Asajeni.

Dokotala wawo ndiye anawatumiza kuno miyezi yapitayo, atawauza mosabisa kuti akapitiriza kukhala pampando, mpandowo udzawameza. Kunyumba ankatsazika kuti akupita kukacheza ndi anzawo opuma pantchito, jekete ili m'chikwama, n'kukaivalira m'basi. Tsiku loyamba, atapeza kuti wowalandira ndi mtsikana yemwe uja anamuthamangitsa ndi mawu, anatsala pang'ono kubwerera. "Ukangouza munthu, ndidzakana," anamuopseza. Iye anangoyankha kuti, "Lamulo lathu linanena kale zimenezo, bambo. Khalani apa."

Lero maso a Namagalasi anali otupa, koma mawu ake anali a ntchito. "Manja pachifuwa, bambo. Mapazi pansi. Dzukani."

Asajeni anadzuka osagwira paliponse, n'kukhalanso.

"Ndaona chithunzi changa," anatero motsitsa mawu.

"Dzukaninso."

"Ndati ndaona chithunzi changa, mtsikana iwe. Bwanji sunamuuze?"

Namagalasi anawamanga lamba m'chiuno, n'kukoka kuti aone ngati walimba. "Chifukwa si chinsinsi changa. M'holo muno anthu amatiuza zimene ana awo sadziwa. Ena amagwa n'kubisa mabala. Ena amaopa kusamba okha koma amachita manyazi kunena. Tsiku limene adzamve kuti pakamwa panga pamatseguka ndikapanikizika, mipando iyi idzatsala yokha. Ndipo munthu akayamba kuopa kugwa amakhala pansi, akakhala pansi miyendo imafooka, miyendo ikafooka amagwadi. Ndi zimene tikulimbana nazo."

"Nanga ine ndikapanda kuulula?"

"Ndiye kuti ndamutaya." Analoza pakati pa simenti. "Tiyeni pa mzere."

Anayenda mpaka kumapeto kwa mzere wachikasu. Potembenuka Asajeni anaima.

"Ku polisi ndinaona amuna a ndevu zawo akuulula za abale awo atangomva chitseko chikutsekedwa. Palibe anawakhudza n'komwe. Iwe akulanda mphete, ukadali duu." Anapukusa mutu. "Ukudziwa chimene chikundivuta? Ndinanena pamaso pa banja langa kuti ntchito yako ndi yachibwana. Munthu wamkulu kutola mawu ake pansi, msana umapweteka kuposa chiunochi."

"Kuwerama timaphunzitsanso, bambo. Mumapinda mawondo, osati msana."

Asajeni anamuyang'ana mwaukali, kenaka anaseka mpaka amayi a pachitsulo aja anatembenuka.

"Lamlungu masana ubwere kunyumba."

"Lamba uyu sachoka pa yunivesite pano."

"Ndili naye wanga wa ku polisi. Anagwirapo mbava, sangalephere kugwira nkhalamba imodzi."

"Ngati ndi choncho, kapeti ya pabalaza panu ichoke. Ili ndi kona yopindika pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Ndinaiona tsiku loyamba lija."

"Tsiku limene ndinkakukalipira lija, iwe unkayang'ana kapeti?"

"Ndinkayang'ana chimene chingakugwetseni."

*

Lamlungu mayi anali ataitana Zikhadabo kudzadya nawo. Mbale zinali zisanachoke patebulo pamene kunamveka kugogoda. Wamagetsi anatsegula, n'kuuma pakhomo.

"Wabwera ndi dzina?"

"Ndaitanidwa," anatero Namagalasi.

"Ena manyazi anawasiya m'kalasi," Zikhadabo anauza zikhadabo zake. "Kapena mwabwera kudzayeza miyendo ya mphaka?"

"Lowa, mwana wanga," anatero mayi, koma sanadzuke kukatenga kapu.

Mpando wa pawindo unali wopanda munthu. Mawu a Asajeni anachokera kuchipinda, aja ankanjenjemeretsa apolisi atsopano pa perete. "Iwe! Pinda kapeti uiike panja."

"Bambo?"

"Wagontha? Pinda!"

Wamagetsi anapinda kapeti, akudabwa. Atangoimirira, chitseko cha kuchipinda chinatseguka.

Munatuluka mwamuna wamtali wa jekete yakuda, chipewa chitaphimba mutu. M'manja munalibe ndodo. Anadutsa pabalaza ponse, phazi ndi phazi, mutu uli m'mwamba, mpaka pawindo, n'kuima atawafulatira onse.

"Mtsikana, pamalo pako."

Namagalasi anapita, n'kulowetsa dzanja pansi pa jekete. Kenaka anakweza m'mphepete mwa jeketeyo kuti onse aone zala zake zitagwira lamba wachikopa wokhuthala.

Wamagetsi anatulutsa foni. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana pawindo, anayang'ananso chithunzi.

Asajeni anatembenuka n'kugwetsa chipewa. "Ndine mdani wako uja. Tikamenyanirane panja, kapena pompano?"

"Bambo! Mukuyenda!"

"Ayi, ndikuuluka. Tandisiya, mtsikana." Namagalasi anachotsa dzanja, koma anatsalira pafupi, maso ali pa mapazi awo. Asajeni anayenda okha mpaka pa tebulo, anazungulira, n'kubwerera. Anakhala pampando manja ali pachifuwa, n'kudzukanso osagwira kanthu. Anabwereza kachiwiri, poti anaona kuti anthu akuonerera.

"Tamverani nonse, chifukwa sindibwereza. Ndinanena m'nyumba muno kuti ntchito ya mwana uyu ndi yachibwana. Chibwana chinali changa. Miyezi yonseyi sindimapita kwa anzanga ayi, ndimapita ku yunivesite, ndipo amene wandichotsa pampando uwu ndi uyu. Anali ndi mpata wondiyalutsa n'kupulumutsa ukwati wake, koma anasunga mawu ake. Munthu wotere ine ndikanamupatsa makiyi a polisi yonse." Analoza mwana wawo. "Ndipo iwe, zikomo. Mwana wanga wobereka ndekha kundichitira nsanje, kundiyesa mnyamata wa mapewa! Palibe dokotala akanandipatsa satifiketi yoposa imeneyo."

Wamagetsi anagwada pamaso pa Namagalasi, pa simenti pamene panali kapeti paja. Mphete inali kale m'manja. Sabata yonse sinachoke m'thumba la pamtima.

"Ndikhululukire. Ndinali chitsiru."

"Unali," anavomera Namagalasi, misozi ikudzaza kuseri kwa magalasi. "Ndipo umve. Ntchito yanga ndi yogwira anthu m'chiuno. Mawa kudzabwera chithunzi china, ndipo sindidzakuuzanso dzina. Udzatani?"

"Ndidzayamba ndayang'ana nsapato." Anakweza foni. "Taona, ndi nsapato zofiirira za bambo izi. Ndimazipukuta ndine Loweruka lililonse!"

Asajeni anaseka mpaka kugwira lamba wawo. Namagalasi anatambasula chala, mphete n'kubwerera kwawo.

"Ukwati uchitike msanga," analamula Asajeni. "Ndikufuna kuvina miyendo ikadali yatsopano. Mpongozi, kuvina kulimo m'kafukufuku wanu?"

"Kulimo, bambo. Koma ndikhala kumbuyo kwanu."

Mayi anaomba m'manja pang'ono, ali chikhalire. Maso awo sanali pa mphete. Anali pa lamba. "Ine chaka chonse munandikaniza ngakhale mkono," anatero chapansipansi. Koma m'nyumbamo munali phokoso la chimwemwe, ndipo palibe anawamva.

*

Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Zikhadabo anali atanyamula kale kachikwama kake, akuyandikira chitseko mwakachetechete, pamene Wamagetsi anamuona.

"Taima. Unandipusitsa ndiwe. Unatsatira bambo anga n'kuwajambula, n'kugula nambala yatsopano kuti ndisakudziwe."

"Ine?" Zikhadabo anadzigunda pachifuwa. "Achimwene, kuti ndimakufunani sindikana, dziko lonse likudziwa. Koma ndikanajambula ine chithunzi chokoma chonchija, ndikanalembapo dzina langa ndi zilembo zazikulu! Ku yunivesiteko sindinapondeko chibadwire."

"Bodza!"

"Khala chete," anatero Asajeni, upolisi utawabwerera. "Mlandu saweruza ndi nkhope. Iwe mtsikana, ika mafoni ako patebulo."

Zikhadabo anakhuthula chikwama chonse: mafoni awiri, chipeso, timabotolo ta utoto, zonse mbwee patebulo.

"Tsopano imba nambala imene inatumiza chithunzicho."

Wamagetsi anaimba. Onse anazungulira tebulo, maso pa mafoni awiri aja. Namagalasi anagwira mkono wa bwenzi lake.

Mafoni a Zikhadabo sanayake.

Kenaka kunamveka kanyimbo kofooka, kotsamwa, ngati kakuchokera pansi pa nsalu. Asajeni ndiwo anayamba kukazindikira, ndipo kumwetulira kunawachoka: kanali ka foni yawo yakale, imene anauzidwa kuti inafa iwo ali m'chipatala, koma tsopano inali ndi nambala ina. Kanyimboko sikankachokera patebulo. Kankachokera m'chikwama chabuluu cha kutchalitchi, chimene chinali pamiyendo pa munthu yekhayo amene sanadzuke pampando.

Mwini chikwamacho sanadzidzimuke. Anangoika dzanja pamwamba pake, ngati wotontholetsa mwana, n'kuyang'ana Namagalasi m'maso koyamba tsiku limenelo. Msana umene mwana wobereka analephera kuuzindikira, iwo ankaudziwa asanakweze n'komwe foni kuti aujambule, tsiku limene anawatsatira amuna awo mpaka ku yunivesite.

Amene anajambula chithunzi chija anali mayi ake a Wamagetsi.